Kupukwa Ubwana wa pa Kanema: Kusanthula Takalani Sesame ndi Anthu Amene Amaikumbukira

Malonje

Anthu ambiri amene adabadwa m'zaka za m'ma 1990 m'chigawo chino cha kummwera kwa Africa tsopano ndi makolo. Akakumana, kawirikawiri macheza awo amatsetserekera ku mapologalamu a ana amene ankaonera pa wailesi ya kanema akaweruka kusukulu. Amakumbutsana mayina a zidole ndi nyimbo zotsegulira mapologalamuwo, ndipo potsiriza amagwirizana kuti ana a lero akumanidwa zabwino chifukwa akukulira pa foni. Nkhani ino ikusanthula kupukwa kumeneku potengera chitsanzo cha Takalani Sesame, pologalamu ya ana ya ku South Africa imene idayamba kuulutsidwa ndi SABC mu 2000. Mfundo yaikulu ndi yoti kupukwaku kuli ndi maziko enieni m'luso la pologalamuyo, komabe kumaphimba mafunso awiri ofunika kwa ofufuza za ziyankhulo za mu Africa: loyamba, mawu oti "zathu" ankatanthauzanji kwenikweni, lachiwiri, ndi ana angati amene adali ndi mwayi wokhala patsogolo pa kanemayo.

Kupukwa ngati nkhani yofunika kufufuza

Mawu a Chingerezi oti nostalgia adapekedwa mu 1688 ndi Johannes Hofer, wophunzira za udokotala, pofuna kutchula nthenda yolakalaka kumudzi imene inkagwira anthu okhala kutali ndi kwawo. Mu Chichewa mneni woti kupukwa amagwira bwino tanthauzo limeneli: mwana wosiyidwa kwa agogo amapukwa mayi ake, ndipo wapaulendo amapukwa kwawo. Chovuta n'chakuti wopukwa ubwana alibe basi yoti n'kukwera, poti kumene akufunako ndi nthawi imene idapita.

M'buku lake la mu 2001, The Future of Nostalgia, Svetlana Boym adagawa kupukwa pawiri. Pali kupukwa kofuna kumanganso zakale monga momwe zidalili, ngati kuti zidalibe banga. Palinso kupukwa kosinkhasinkha, kumene kumavomereza kuti chikumbukiro chimasankha zokumbukira. Jacob Dlamini, m'buku lake la mu 2009 lotchedwa Native Nostalgia, adafunsa ngati munthu wakuda wa ku South Africa angakumbukire mokondwa ubwana wake wa ku Katlehong popanda kulungamitsa ulamuliro wa tsankho. Phunziro la mabuku awiriwa ndi loti kukoma kwa chikumbukiro ndi umboni woyenera kuumvetsera, koma wofufuza asaulandire wonse osaupeta. Ndi maso amenewa nkhani ino ikuyang'ana Takalani Sesame.

Luso la pologalamuyo ndi nkhani ya Kami

Dzina loti Takalani ndi la Chivenda ndipo limatanthauza kuti kondwerani. Pologalamuyi idatengera Sesame Street ya ku America, imene idayamba mu 1969, koma idapatsidwa zidole ndi malo akeake. Mmalo mwa mbalame yaikulu yachikasu ya ku America mudalowa Moshe, kanyama ka m'chipululu kofanana ndi msulu; padalinso Zikwe, Zuzu ndi Neno. Zochitika zinkachitikira pa kamsika kofanana ndi timisika ta m'makomboni, kotero kuti mwana wa ku Soweto kapena ku Umlazi ankatha kuzindikira malowo. Pologalamuyi inkamvekanso pa wailesi ya mawu, pozindikira kuti mabanja ambiri adalibe kanema.

Chimene chidatchukitsa Takalani Sesame padziko lonse ndi chidole chotchedwa Kami, chimene chidayamba kuoneka mu 2002. Kami ndi kamtsikana ka zaka 5, kamasiye, kokhala ndi kachilombo ka HIV. Dzina lake lidachokera ku mawu a Chitswana oti Kamogelo, otanthauza kulandiridwa. Kufunika kwa Kami kumaoneka bwino pokumbukira nyengoyo. Boma la Thabo Mbeki linkazengereza kugawa mankhwala otalikitsa moyo, ndipo m'chaka chomwecho cha 2002 bungwe la Treatment Action Campaign lidapambana mlandu ku khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, wokakamiza boma kupereka mankhwala a nevirapine kwa amayi oyembekezera. Kugawa mankhwala m'zipatala za boma kudayamba mu 2004. Choncho pologalamu ya ana idayamba kutchula poyera nkhani imene akuluakulu ambiri ankainong'ona.

Luso la olemba lidagona pa zimene adakana kuchita. Sadamuonetse Kami ali chigonere kapena wowonda. Adamupanga wansangala, wokonda kusewera, wodziwa kufotokozera anzake kuti kukumbatirana kapena kudyera limodzi sikupatsirana kachilombo. Mwana woonera ankaphunzira kudzera m'zochita za Zikwe ndi Zuzu, amene ankasewera naye monga mnzawo wina aliyense. Imfa nayo sidabisidwe: Kami adali ndi bokosi losungiramo zinthu za malemu mayi ake, zimene ankaziyang'ana akawapukwa. Apa pali chinthu chimene okumbukira pologalamuyi amachidumpha kawirikawiri. Nthawi imene iwo amaitcha ya mtendere ndi kuseka idali nthawi ya maliro osatha, ndipo pologalamu yomwe amaipukwayo inkaphunzitsa ana momwe angapukwire makolo awo omwalira. Chikumbukiro chasunga nyimbo ndi mitundu yowala ya zidole, n'kutaya chifukwa chimene chidolecho chidapangidwira.

Si onse adamulandira Kami. Mu 2002 aphungu ena a nyumba ya malamulo ya ku America adalembera wailesi ya PBS kuichenjeza kuti chidole chotere chisaonekere kwa ana a kumeneko. Koma mu 2003 bungwe la UNICEF lidasankha Kami kukhala kazembe woyankhulira ana. Mkanganowu ukusonyeza kuti zolembera ana nazo zimakhala ndi ndale zake, ngakhale zitavala ubweya wachikasu.

Kodi "zathu" zidali za yani?

Opukwa amasiyanitsa mapologalamu "athu" a kale ndi zojambula zakunja zimene ana akuonera lero. Mbiri ya Takalani Sesame ikusokoneza malire amenewa. Pologalamuyi idakonzedwa mogwirizana ndi Sesame Workshop ya ku New York, SABC ndi unduna wa za maphunziro wa ku South Africa, ndi thandizo la ndalama lochokera ku USAID ndi kampani ya Sanlam. Kalembedwe kake, ka timagawo tifupitifupi tobwerezabwereza chilembo kapena nambala imodzi, kadachokera ku America. Neno ndi Elmo yemwe uja atapatsidwa dzina lina. Zimenezi sizikuchepetsa ntchito ya olemba ndi oseweretsa zidole a ku South Africa. Zikungosonyeza kuti chimene mwana ankamva kuti n'chake chidali chiyankhulo, katchulidwe ka mawu ndi nkhope za anthu, osati gwero la ndalama kapena la kalembedwe.

Nkhani ya chiyankhulo ndiyo ikukhudza kwambiri owerenga Chichewa. South Africa panthawiyo idali ndi ziyankhulo za boma 11, ndipo pologalamuyi idayesetsa kuzipatsa malo. Mwana womva Chizulu kapena Chisutu adamva chidole chikuwerenga manambala m'chiyankhulo cha mayi ake, pa kanema amene mu 1976 adayamba ndi Chingerezi ndi Chiafrikaans basi. Koma mawayilesi a SABC ankaonekanso kunja kwa malire. M'zaka za m'ma 2000 mabanja ambiri a m'matauni a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe adagula madishi ndi madikoda osalipira pamwezi amene ankakoka SABC, mpaka pamene njirayi idatsekedwa mu 2013. Motero pali Amalawi ena a ku Blantyre ndi ku Lilongwe amene amatchula Takalani Sesame pakati pa zokumbukira zawo za ubwana, chonsecho zidolezo sizinkayankhula Chichewa. Kwa iwowa "zathu" zidatanthauza za anthu akuda ofanana nawo, za mu Africa. Kupukwa kwawo n'koona, koma kukuvumbula mpata: mwana wa Chichewa ankadziona pa galasi la mnansi.

Ana amene adalibe kanema

Funso lachiwiri ndi la chiwerengero. Zimbabwe idayamba kukhala ndi wailesi ya kanema mu 1960, Zambia mu 1961, South Africa mu 1976, pamene Malawi idadikira mpaka mu 1999, pomwe Television Malawi idatsegulidwa mu ulamuliro wa Bakili Muluzi. M'zaka zonse za ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda dzikoli lidalibe wailesi ya kanema. Ngakhale itatsegulidwa, mabanja okhala ndi magetsi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 sankafika 10 mwa 100 aliwonse. Choncho munthu akanena kuti "tonse tidakulira pa pologalamu yakutiyakuti", mawu oti "tonse" akuimira ana a m'tauni a mabanja opezako bwino, pamodzi ndi anzawo oyandikana nawo amene ankasuzumira pazenera kapena kukhala pansi pabalaza atauzidwa kuti ayambe atsuka mapazi. Ana ena ankalipira timakobiri m'tinyumba toonetsera mavidiyo pamsika, kumene ankaonera mafilimu a nkhonya osakonzedwera msinkhu wawo.

Kwa ana ambiri a Chichewa, zimene zidagwira ntchito ya pologalamu ya ana ndi wailesi ya mawu ndi nthano. MBC, imene idakhazikitsidwa mu 1964, inkafika kumidzi kudzera pa wailesi ya mabatire, ndipo masewero monga Kapalepale ndi Pamajiga ankamveredwa ndi banja lonse, ana ali pomwepo. Ku Zambia, Julius Chongo adatchuka ndi pologalamu ya Chinyanja ya Poceza M'madzulo m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, momwe ankasimba nkhani mwaluso la mlakatuli, pogwiritsa ntchito mivekero ndi kusinthasintha mawu. Ntchito ya Chongo idapulumuka chifukwa Ernst Wendland adaifufuza, n'kuilemba ndi kuisindikiza. Izi zikupereka phunziro: zomwe zidalembedwa zikhoza kusanthulidwa lero, pamene zambiri zimene zidangoulutsidwa zatsala m'mitu ya anthu.

Kuyerekeza Takalani Sesame ndi nthano kukuthandiza kumvetsa chimene anthu amapukwa kwenikweni. Wosimba nthano akati "Padangokhala", omvera amayankha kuti "Tili tonse", ndipo nthanoyo siyenda popanda yankholo. Pakati pa nthano pamakhala nyimbo imene ana amavomereza. Kalulu, Fisi ndi Kamba amanyamula makhalidwe a anthu, kotero kuti nkhani yolemera imatha kunenedwa popanda kuloza munthu chala. Takalani Sesame idachita zofananako: chidole chimafunsa funso, n'kudikira kuti mwana wa kunyumba ayankhe, nyimbo imabwerezedwa mpaka italowa m'mutu, ndipo Kami adanyamula nkhani ya Edzi monga momwe nyama za m'nthano zimanyamulira nkhani za umbombo kapena nsanje. Kusiyana kwake n'kwakuti chidole sichimva yankho la mwana, pamene agogo amaona mdzukulu akuwodzera n'kufupikitsa nthano. Komabe m'zonse ziwiri mudali nthawi yoikika ndi gulu loonera kapena kumvera limodzi. Nthano inkadikira madzulo, pologalamu inkadikira ola lake, ndipo wochedwa ankadalira anzake kuti amufotokozere mawa kusukulu. N'kutheka kuti chimene akuluakulu a lero akupukwa ndi kudikira pamodzi kumeneku, kumene foni ya m'manja, yoonetsa chilichonse nthawi iliyonse kwa munthu mmodzi, sikupereka.

Mawu omaliza

Kupukwa mapologalamu a ana kukhoza kuthera pa kudandaula kuti kale zinthu zinkakoma, kapena kukhoza kusanduka ntchito. Chitsanzo cha Takalani Sesame chasonyeza kuti pologalamu ya ana ikhoza kunyamula nkhani yovuta mwaulemu, kuti "zathu" ndi mawu ofunika kuwafunsa mafunso, ndiponso kuti chikumbukiro cha ana a m'tauni sichiyenera kuimira mbiri ya ana onse. Zojambula za m'chigawo chino sizidathe: mu 2023 Netflix idatulutsa Supa Team 4, nkhani yopekedwa ndi Malenga Mulendema wa ku Zambia, yochitikira mu Lusaka wa m'tsogolo. Koma kuti mwana aione pamafunika intaneti ndi ndalama zolipira pamwezi, kotero funso la amene ali ndi mwayi woonera likadalipo.

Kwa ophunzira za ziyankhulo ndi zolembalemba, ntchito yoyamba ndi yosonkhanitsa. Matepi a mapologalamu a ana amene akupezeka m'nyumba zoulutsira mawu ku Blantyre, Lusaka ndi Harare akufunika kulembedwa m'kaundula ndi kusamutsidwira pa makompyuta asanawonongeke. Amene ankakonza ndi kuulutsa mapologalamuwo akufunika kufunsidwa akadali moyo, poti fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Pofunsa amene adali ana panthawiyo, wofufuza afike ndi kumidzi, kwa omwe ubwana wawo udadutsa pa wailesi ya mabatire ndi pa mphasa ya agogo, kuti mbiri ya zimene mwana wa Chichewa ankamva ndi kuona ilembedwe ndi mawu a magulu onse awiri.