Tsamba la kwathu, kafungo ka ku England

Kuno ku Chipata fodya timamudziwa ndi sikelo. Mukakhala pansi ndi alimi a ku Chipangali kapena ku Chadiza nthawi ya msika, nkhani zawo ndi makilo, magiredi, ngongole ya feteleza ndi tsiku limene ndalama zidzalowe. Sindinamvepo munthu akufunsa kuti tsamba la chaka chino likukoma bwanji. Mlimi wa mtedza amalawa mtedza wake, wa mzimbe amatafuna mzimbe wake, koma wa fodya amadinda belo, kulisoka, kulikweza pa lole, nkhani yathera pomwepo. Mawu ofotokozera kukoma kwa tsambalo ali ndi anthu a kumene likupita. Ife tinatsala ndi awiri chabe: wowawa ndi wozizira.

Ndemanga ino ndi ya kachitini ka magalamu 50 ka fodya wa m'kaliwo kamene msuweni wanga anandibweretsera kuchokera ku England. Dzina la kampani sinditchula, magazini ino si chikwangwani cha malonda. Chimene chinandichititsa kuti ndilembe ndi mawu a kumbuyo kwa chitinicho. Akuti muli Virginia ndi burley, tsamba lina ndi la ku Malawi, ndipo anawazamo pang'ono chabe fungo la uchi ndi vanila. Kuchoka mu tauni kukafika pa Mwami ndi ulendo umene anyamata a njinga amapita ndi kubwerako tsiku lomwelo. Dothi la ku Mchinji ndi la kwathu kuno ndi limodzi, mvula ndi imodzi, zigafa zimamangidwa mofanana. Ndiye ndinalandira chitinicho ngati m'bale amene wabwera ku tchuthi atasintha kalankhulidwe.

Ndikambiretu, chifukwa ndikudziwa amene amawerenga kuno: kaliwo si njira yabwinoko yosutira. Ngakhale usameze utsi, umadutsa pa milomo, pa lilime ndi pa m'mero, ndipo khansa imayamba m'malo omwewo. Bungwe la WHO limati fodya amapha anthu opitirira 7 miliyoni chaka chilichonse. Ngati simusuta, werengani izi monga mmene mumawerengera ndemanga ya filimu imene simudzaionera.

Mukatsegula chitini simupeza fodya womwazika ngati balani wa pa msika wa Kapata. Muli tizidutswa topyapyala toyalana, tooneka ngati makungwa a mtengo odulidwa ndi lezala. Masamba amawasanjika, kuwapanikiza ndi makina kwa masiku ambiri mpaka akhale ngati njerwa, kenako n'kuwadula. Kupanikizako kumadetsa tsamba ndi kuchotsa ukali wina. Fungo loyamba kukufika ndi la buledi wotuluka kumene mu uvuni, kenako udzu wouma wofolerera nyumba. Vanila ali patali, umachita kumufunafuna. Uchi sindinaumve m'mphuno ngakhale pang'ono.

Fodyayu amabwera wonyowa kwambiri. Ukamuyatsa momwemo, machesi amatha bokosi lonse. Ndinkafikisa kachidutswa kamodzi m'manja, kukayala pa pepala kwa mphindi 20, kenako n'kulonga m'kaliwo mosatsindira kwambiri. Ndasuta kasanu ndi kamodzi m'masabata awiri, madzulo, pakhonde kwathu, popeza chiyambire 2008 lamulo sililola kusuta pamalo a anthu onse.

Chiyambi chake n'chofatsa. Utsi ndi wochepa thupi, wotsekemera ngati chimanga chachiwisi chowotcha. Apa ndi pamene vanila amaonekera, koma amamveka kwambiri kwa munthu amene wakhala pambali pako kuposa kwa iwe wosuta. Mlongo wanga, amene amadana ndi fungo la mishanga, anafunsa ngati aneba akuphika makeke. Ukafulumira kukoka, Virginia amaluma lilime ngati tiyi wotentha. Ameneyu ndi fodya wa munthu wopanda kopita.

Pakati pa kaliwo m'pamene pali nkhani yonse. Vanila amazilala pang'onopang'ono mpaka kusowa, ndipo m'malo mwake mumatuluka burley. Kukoma kwake ndi kwa mtedza wokazinga umene wapserera pang'ono m'mbali, kowuma, kolemera kukhosi, kosatsekemera. Aliyense amene analowapo m'chigafa mu Malichi, mindindi ikulendewera pamwamba pa mutu, mvula ikuwaza pa udzu, adzalizindikira fungoli asanaganize. Ine linandibwezera kumudzi kwa amalume, kumene tinkasoka masamba pa tchuthi mpaka zala kuda ndi manthova. Kwa mphindi ngati khumi ndi zisanu fodyayu sabisa kumene anachokera, ndipo m'mphindi zimenezo ndi wabwino kwambiri.

Kumapeto n'kogwetsa ulesi. Pansi pa kaliwo pamasonkhana chinyezi, utsi umayamba kuwawa ngati khofi wotsalira mu ketulo, ndipo chikonga chimakwera kumutu mwadzidzidzi. Ndinayesa kuumitsa fodyayo nthawi yotalikirapo, zinachepako koma sizinathe. Kawiri konse ndinakhuthula kaliwo moto usanafike pansi.

Kuti mumvetse chifukwa chake fungo lochepali ndikuliyamikira, muyenera kudziwa chimene chimachitika tsamba likamauma. Virginia amamuumitsa m'nyumba ya njerwa ndi kutentha kodutsa m'mapaipi, kwa sabata imodzi kapena kuchepera. Kutenthako kumaimitsa moyo wa tsamba shuga wake asanathe, n'chifukwa chake limatuluka lachikasu ndi lotsekemera. Burley amauma yekha ndi mphepo m'chigafa kwa mwezi kapena iwiri. Nthawi yonseyo tsamba limakhala likudya shuga wake lokha, ndipo pomauma limakhala lofiirira, lopanda shuga, la utsi waukali. Koma lili ndi khalidwe limodzi limene makampani amalikonda: limamwa chilichonse ngati thonje. Thirani shuga, koko, mowa, madzi a zipatso, burley amalandira zonse. Ndudu zambiri za mtundu wa ku America zimadalira burley wothiridwa zotsekemera chonchi. Ndiye kuti tsamba limene azimayi a kuno amalisankha limodzilimodzi, kulekanitsa lofiira ndi lotuwa, nthawi zambiri limakagwira nchito ya siponji.

Opanga fodya amathira zinthu kawiri. Koyamba amanyowetsa tsamba ndi madzi a shuga kapena zina zotere kuti lifewe ndi kupsa bwino. Kachiwiri, pomaliza, amawaza fungo pamwamba. Luso lagona pa kachiwirika. Mayi wodziwa kuphika chibwabwa chotendera amadziwa kuti nsinjiro ikachuluka ukudya phala la mtedza, ndiwoyo yasowa. Amene anapanga fodya wanga anali ndi dzanja lodziletsa. Anaika fungo lokwanira kukulandira pakhomo, kenako n'kuchoka kuti ucheze ndi mwini nyumba.

Kudziletsa kumeneku kuli ndi mbiri yake. Mu 1842 boma la Britain linakhazikitsa lamulo loletsa kusakaniza fodya ndi shuga, uchi ndi zina zimene amalonda ankalemeretsera katundu pozemba msonkho. Opanga fodya a kumeneko anakakamizika kupeza kukoma m'tsamba lenilenilo, posankha, posakaniza mitundu ndi popanikiza. Lamulolo linafewa kalekale, koma chizolowezi chinatsala. Si onse amene amadziletsa, ayi. Mu tauni ya Kendal, kumpoto kwa England, kumene akhala akupera fodya wa m'mphuno kuyambira 1792, muli nyumba monga Gawith Hoggarth imene imalemba poyera kuti imagwiritsa nchito tsamba la ku Malawi, kuphatikizapo chikopa uja wowumitsa ndi utsi. Mitundu ina ya ku Kendal imatchuka ndi fungo la maluwa lamphamvu moti osuta ena amati ikununkhira sopo, pamene ena sasuta china chilichonse.

Tsopano yerekezani ndi zimene zili m'mabala athu. Shisha ya apulo, ya mphesa, ya chingamu. Ndudu za kampira kamene ukakadina kamatulutsa kuzizira. Mmenemo fungo silinabwere kudzaperekeza fodya, labwera kudzamubisa, kuti khosi la mwana wa Giredi 11 lisamve chimene likulandira. Thupi lili ndi mlonda wake, chifuwa chimene chimakutsokomoletsa ukakoka utsi koyamba, ndipo fungo lambiri limagwira nchito yogoneka mlondayo. N'chifukwa chake maiko a mu European Union analetsa ndudu za menthol mu May 2020. Fodya wa m'chitini changa sanama chotero. Pofika pakati pa kaliwo umadziwa bwinobwino kuti ukusuta tsamba lowawa la chikonga, ndipo ukapitiriza, wasankha wekha. Zimenezi sizimuchotsera poizoni, koma ndimalemekeza chinthu chimene chimaonetsa nkhope yake. Alakatuli ena amene amatumiza ndakatulo kuno akanaphunzirapo kanthu: mzere uliwonse muli mwezi, misozi ndi duwa, mpaka sudziwanso ngati pansi pake panali nkhani.

Pali chinanso chimene sichichoka m'mutu ukamasuta fodya wotere uli ku Chipata. Tauni ino isanatchedwe Chipata inali Fort Jameson, ndipo inakula ndi fodya. Angoni a Mpezeni atagonja mu 1898, malo aakulu anagwera m'manja mwa North Charterland Exploration Company, ndipo azungu amene anagula mafamu anadzala Virginia. M'zaka za m'ma 1920 malonda anakwera kwambiri, kenako mitengo inagwa zaka khumizo zisanathe ndipo mafamu ambiri anasiyidwa. Agogo athu ndi amene ankathyola ndi kusankha tsambalo. Papita zaka zoposa 100, amene akulima lomba ndi ife eni ake, pa mapangano ndi makampani ogula, koma tsamba likuchokabe lili m'belo. Kudula, kusakaniza, kuwaza kafungo, kulemba dzina pa chitini, zonse zimene zimasandutsa tsamba kukhala chinthu chodula, zimachitika kutali.

Sabata yatha ndinapita nacho chitinicho kumudzi. Amalume alima burley kuyambira ndisanabadwe ndipo sasuta. Anatenga kachidutswa kamodzi, kukasula mosamala ndi chikhadabo, kupatula tofiirira ndi tachikasu pa chikhato, n'kununkhiza.

"Muphwa wanga, ili ndi tsamba la pakati pa mtengo. Amene analiumitsa chigafa chake sichidontha."

"Mwadziwa bwanji, amalume?"

"Likananyowa likanada, likanamveka chuku. Komanso taona mmene likukokekera osathyoka. La pansi silichita chonchi, limafumbutuka."

Zimene anakambazo n'zimene ogula amayang'ana pa msika. Masamba a pansi ndi opyapyala ndi ofooka, a pamwamba ndi okhuthala ndipo chikonga chimachuluka ukamakwera mtengo. Amalume anawerenga zonsezi m'kachidutswa kochepa kuposa chala, kamene kanawoloka nyanja kawiri. Mawu a kukoma alibe, koma zala zawo zimadziwa zimene lilime langa linatenga masabata awiri kuti lipeze.

Kenako anafunsa mtengo. Nditawauza zimene msuweni analipira, nditazisintha m'makwacha, anawerengera chamumtima. Kilo imodzi imadzaza tizitini 20. Ndalama ya kachitini kamodzi ndi imene iwo amalandira akagulitsa makilo angapo a giredi yabwino. Ndinawafotokozera kuti gawo lalikulu la mtengowo ndi msonkho wa boma la Britain, si phindu la kampani lokha. Anangoti, "Ndiye boma la kumeneko limadya bwino fodya kuposa ine."

Chigamulo changa n'chakuti fodyayu ndi wabwino pa magawo awiri mwa atatu. Chiyambi n'chaulemu, pakati m'pokoma kwenikweni, mapeto ndi ofooka, ndipo Virginia wake akanakhala wokhwimirapo akanagwira burley dzanja mpaka pansi. Uchi umene analemba pa chitini sindinakumane nawo. Vanila anaikidwa pa muyeso woyenera, ndipo akanawonjezera dontho limodzi ndemanga ino ikanakhala ina. Sindidzaitanitsa china, mtengo wake si wa munthu wa mu komboni, komanso sindifuna kuti kaliwo achoke pa kulawa n'kukhala chizolowezi.

Amalume sanafune kulawa. Anapempha kuti fodya akatha ndiwapatse chitinicho, chifukwa chimatseka bwino ndipo mphepo silowa. Akufuna kusungiramo mbewu ya nazale ya chaka chamawa.