"Administrator" si mlowam'malo

Malamulo a Zambia amalembedwa m'Chingerezi, koma pabwalo la milandu ku Chadiza anthu amawamva m'Chinyanja. Mawu amene womasulira wasankha ndi amene mayi wamasiye amabwerera nawo kumudzi.

Amene amandidetsa nkhawa ine ndi mawu oti "administrator", a mu Intestate Succession Act, lamulo la 1989 lonena za chuma cha munthu amene wamwalira osasiya wilo. Ndamva anthu ambiri, ophunzira omwe, akuwamasulira kuti "mlowam'malo". Mawuwa ndi okoma m'khutu, koma ndi olakwa.

Kwa Achewa a kwa Mlolo, Mwangala ndi Zingalume, mlowam'malo amatenga dzina ndi udindo wa malemu, ndipo mwamwambo amachokera kuchikazi: mbale wa malemu kapena mwana wa mlongo wake. Munthu ukamutchula choncho, wamuuza kale kuti ng'ombe ndi zake. Pomwe lamulo limamutuma ntchito chabe: kusonkhanitsa chuma, kulipira ngongole ndi zowonongedwa pamaliro, kenaka kugawa. Pa magawo 100, ana amatenga 50, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndipo amene ankadalira malemu 10. Sangagulitse katundu popanda chilolezo cha khoti. Komanso lamuloli silikhudza malo a mafumu, choncho munda wa makolo ndi nkhani ina.

Vutoli si la Chinyanja chokha, ndipo wina asakunamizeni kuti chiyankhulo chathu n'chosauka. Omasulira a ku Germany nawonso amatuluka thukuta ndi mawu a Chingerezi oti "trust", chifukwa malamulo awo alibe chinthu chofanana nawo ndendende. Mawu awo oti "Treuhand" amangoyandikira, ndiye womasulira wosamala amawonjeza kufotokoza.

Ifenso tichite chimodzimodzi. Tinene kuti "wogawa chuma cha masiye wosankhidwa ndi khoti". Ena adzati mawuwa ndi aatali, koma amanena ntchito yake ndi amene wamutuma. Kungobwereza "administrator" m'Chingerezi sikuthandizanso, popeza aliyense amadzazamo tanthauzo lomukomera.

Inu achinyamata a m'makomboni, maliro akagwa ndinu amene mumapatsidwa mapepala kuti muwerengere akuluakulu. Musathamangire mawu afupi. Yambani mwafunsa kuti munthuyu lamulo lamulola kuchita chiyani, lamuletsa chiyani, ndipo munene zimenezo pamaso pa amalume ndi amayi omwe.