Aphunzitsi a pakhonde ku Chikanda

Ku Chikanda, kufupi ndi Yunivesite ya Malawi ku Zomba, madzulo mumapeza ana atatu kapena anayi pakhonde, makope pamaondo, atazungulira wophunzira wa payunivesiteyi. Ndiyo "part time" imeneyo. Makolo amalipira kangachepe pakutha kwa mwezi, ndipo kandalamako kamathera pa lendi ndi ndiwo.

Ntchitoyi si yamasewera. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi ambiri ndi odzaza moti mwana wamanyazi amatha teremu yonse osatsegula pakamwa. Chonsecho mayeso a Sitandade 8 amalembedwa m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa, ndipo wolephera Chingerezi pa MSCE satifiketi saiona.

Mphunzitsi wa pakhondeyu mwina anakula ndi Chitumbuka ku Rumphi, Chichewa anachitolera pabwalo la mpira, Chiyao akuchimvera mumsika wa Zomba. Njirayi anaidutsa yekha, n'chifukwa chake amadziwa pomwe lilime la mwana limapunthwa. Amadziwa kuti l ndi r zimasokonekera poti kwathu kusinthanitsa zilembozi sikusintha tanthauzo la mawu, komanso kuti mwana wozolowera "iye" mmodzi amavutika kusankha pakati pa "he" ndi "she". Sakalipa ayi. Amayamba wafotokoza m'chilankhulo chomwe mwanayo amalankhula ndi amayi ake, kenako n'kumubwezera ku Chingerezi, chiganizo chimodzichimodzi, mpaka ayankhe yekha.

Makolo ena amadandaula kuti sanalipirire Chichewa. Ine ndimawauza kuti adikire kaye lipoti la teremu yachitatu.