Wenger achoke: ochemerera Arsenal ankaona chiyani?

Pa 22 Januwale 2012, Arsenal inkalimbana ndi Manchester United pa bwalo la Emirates ku London. Robin van Persie anali atangobweza chigoli, ndipo amene anamupatsira mpirawo anali Alex Oxlade-Chamberlain, mnyamata wa zaka 18 yemwe tsikulo anawasowetsa mtendere otchinga kumbuyo a United. Posakhalitsa mphunzitsi wa Arsenal, Arsène Wenger, anamutulutsa mnyamatayo n'kulowetsa Andrey Arshavin. Bwalo lonse linamukuwiza mphunzitsiyo, ndipo ngakhale Van Persie, kaputeni wake, anaoneka akudandaula. Patangopita mphindi zochepa Antonio Valencia anamudutsa Arshavin ngati palibe munthu, Danny Welbeck n'kumwetsa chigoli. Arsenal inagonja 2-1.

Wochemerera amaweruza ndi zimene maso ake aona. Kochi amadziwanso zina zobisika: yemwe watopa, yemwe mwendo wayamba kukoka. Wenger anafotokoza kuti mnyamatayo anali atayamba kutopa, ndipo pa nkhani ya tsiku limodzi ngati imeneyi n'kutheka kuti iye ndiye anali ndi mfundo. Koma mkwiyo wa tsikulo unali utaunjikana kwa zaka.

Luso la Wenger linali loumba osewera. Anafika ku Arsenal mu 1996 kuchokera ku Nagoya Grampus ya ku Japan anthu ambiri asakumudziwa. Thierry Henry, yemwe ku Juventus ankasewera m'mbali, anamuika kutsogolo n'kukhala katswiri womwetsa zigoli. Kolo Touré anamutola ku ASEC Mimosas ya ku Ivory Coast pa mtengo wozizira. Anatenga ligi mu 1998, 2002 ndi 2004, ndipo ulendo wachitatuwo timu yake inasewera magemu 38 osagonjako, kupambana 26 ndi kufanana mphamvu 12.

Anthu amakumbukira kupatsirana kokoma kwa timu imeneyo, koma denga linkakhala pa nsanamira. Pakati panali Patrick Vieira ndi Gilberto Silva, amuna olanda mpira ndi kutseka mipata anzawo akapita kukasaka zigoli. Vieira atapita ku Juventus mu 2005, ndipo timu itasamukira ku Emirates mu 2006 ndi ngongole ya bwalo pamutu, Wenger anadzaza pakati ndi osewera a mapazi ofewa. Mpira ukakhala kwa iwo, zinkakoma kuonera. Ukangowapulumuka, kumbuyo kunkatsala pambalambanda.

Apa ndi pomwe wochemerera ankanena zoona. Mu Ogasiti 2011 United inaithibula Arsenal 8-2. Mu Febuluwale 2014 Liverpool inali itamwetsa kale zigoli zinayi pomwe zimakwana mphindi 20. Mwezi wotsatira, pa gemu yake ya nambala 1,000, Wenger anaonerera Chelsea ya José Mourinho ikumwetsa ziwiri m'mphindi 7 zoyambirira, n'kuthera pa 6-0. Matenda anali amodzimodzi: timu yonse kukhamukira kutsogolo pa bwalo la eni ake, ngati kuti mdani aliyense ndi wofanana. Wenger ankakhulupirira kuti timu yake ikasewera mpira wake, za mdani zilibe ntchito kwenikweni, pamene makochi ngati Mourinho ankayamba ndi kufufuza pofooka pa mnzawo.

Kenaka kunabwera 2015, pamene timu zina zinkapikisana pogula osewera ligi isanayambe koma Wenger anangobweretsa goloboyi Petr Čech. Nyengo imeneyo Chelsea, United ndi Manchester City zonse zinapunthwa, koma chikho chinapita ku Leicester City, Arsenal n'kutsalira ndi mapointi 10.

Pofika Malichi 2017, Bayern Munich itaikwapula Arsenal 5-1 kwawo ndi 5-1 koyenda, ochemerera anali atagawanika pawiri. Pa gemu ya ku West Bromwich Albion ndege ziwiri zinadutsa pamwamba pa bwalo, ina itakoka nsalu yoti Wenger achoke, inayo yomuikira kumbuyo. Pansipa Arsenal inagonja 3-1, ndipo ziwiri mwa zigolizo anamwetsa ndi mutu Craig Dawson, zonse zochokera pa kona.

Miyezi iwiri pambuyo pake Wenger anagonjetsa Chelsea 2-1 ku Wembley n'kutenga chikho cha FA kachisanu ndi chiwiri, zomwe palibe mphunzitsi wina anazichitapo. Tsikulo anasewera ndi otchinga atatu kumbuyo, kaseweredwe komwe anali atangokayamba mu Epulo, anthu atamukuwiza mokwanira. Anatsanzika mu 2018, atakhala pa mpandowo pafupifupi zaka 22.