Manda a ku Old Drift

Osunga mbiri acita bwino posamala manda a ku Old Drift, m'mbali mwa Zambezi, kumtunda kwa Victoria Falls. M'menemo mugona Azungu oyamba amene anatha ndi malungo mudzi wao usanasamukire ku Livingstone m'caka ca 1905, ulalo utamangidwa.

Koma ine ndiri ndi dandaulo limodzi. Dooko limenelo linali la mfumu Sekute. Nanga maina a anthu ace amene anaolotsa Azunguwo m'mabwato ali kuti? Nyumba yosungiramo zakale ya ku Livingstone, imene inayamba m'caka ca 1934, iyenera kulemba zimene nkhalamba za kwa Sekute zinamva kwa makolo ao. Pakuti mbiri ya mbali imodzi iri ngati mlandu woweruzidwa mwini wace palibe.