Chimbale cha Chaka Amasankha Ndani?

Disembala akangolowa, Rolling Stone, Pitchfork, NME ndi The Guardian amatulutsa mindandanda ya zimbale zomwe akuti zapambana m'chakacho. Amatero chakacho chisanathe. Beyoncé anatulutsa mwadzidzidzi chimbale chotchedwa dzina lake pa 13 Disembala 2013, mindandanda yambiri itatuluka kale, ndipo ambiri mwa alembi a ndemanga za nyimbo anangogwira pakamwa. SZA naye anatulutsa SOS pa 9 Disembala 2022, Pitchfork ndi Rolling Stone n'kudzachipatsa nambala 1 pa mndandanda wa 2023. Chaka cha alembi a ndemanga chimatha mu Novembala, chifukwa magazini iliyonse imafuna kutsogola inzake.

Komabe kufulumira si vuto lalikulu. Ntchito yolemetsa ndi kuika zinthu zosafanana pa sikelo imodzi. Robert Christgau anayesa kupeza njira yake mu 1971 poyambitsa chisankho cha Pazz & Jop m'nyuzipepala ya Village Voice ku New York. Mlembi aliyense ankapatsidwa mapointi 100 oti agawire zimbale khumi, chimodzi chisapose 30 komanso chisachepere 5. Zotsatira zinkatuluka chaka china chitayamba, n'chifukwa chake Black Messiah ya D'Angelo, yomwe inatuluka pakati pa Disembala 2014, inakwanitsa kupambana. Njirayi inali yanzeru, poti inkalola munthu kuonetsa kuti ichi ndachikonda, koma ichi chandigwira mtima. Tsoka lake, mukaphatikiza mavoti a anthu mazanamazana, chomwe chimakwera ndi chimbale chomwe aliyense anachimva ndipo palibe anachida. Chija chomwe chinasowetsa tulo alembi atatu okha chimamira pansi.

Masiku ano mndandanda wolemekezeka umayenera kuoneka kuti mwini wake amamvera zamba zonse. Pamakhala rap, country, jazz, reggaeton, ndipo chapakati penapake pamapezeka chimbale cha ku Africa, kawirikawiri chimodzi kapena ziwiri. Mu 2021 ambiri anasankha Afrique Victime ya Mdou Moctar wa ku Niger. Chimbalecho n'chabwino ndithu, gitala yake imalira ngati ikufuna kung'amba sipika. Koma tisaiwale kuti chinatuluka kudzera ku Matador, kampani ya ku New York yomwe alembiwa amaidziwa kale. Mu 2009 alembi a kunja anayamikira Esau Mwamwaya wa kuno kwathu pa chimbale cha The Very Best chotchedwa Warm Heart of Africa. Mawu a Esau ndi okoma paokha, koma funso silichoka: akanafika msanga m'makutu mwawo pakanapanda Ezra Koenig wa Vampire Weekend ndi M.I.A. kuimba nawo? Nayo Graceland, yomwe inapambana Pazz & Jop ya 1986, inanyamula oimba a ku South Africa monga Ladysmith Black Mambazo, koma dzina la pachikuto linali la Paul Simon.

Kumvera zamba zambiri kotereku kuli ngati kuika kambale ka chigwada pa tebulo la nyama kuti alendo aone kuti masamba aliponso. Nyimbo zauzimu zomwe zimalira m'maminibasi a ku Limbe, kapena sungura ya ku Harare, sizilowa m'mindandandayi. Sikuti zinayesedwa n'kulephera ayi, wovotayo sanazimve n'komwe.

Mndandanda womwe ine ndimaulemekeza ndi womwe uli ndi ulusi woti nditsate. Ngati munthu waika Kendrick Lamar pafupi ndi woimba gitala wa ku chipululu, andiuze chomwe khutu lake likufunafuna mwa onse awiri: kaya ndi mmene ng'oma imachedwera dala, kaya ndi mkwiyo wa m'mawu, kaya ndi mmene nyimbo yachisanu imayankhira yoyamba. Akatero ndingatsutsane naye, ndipo kutsutsanako ndiye phindu la nambala. Kuika ichi pa 3 ndi icho pa 4 kumamukakamiza kunena chifukwa.

Mndandanda wotere umafunanso kulimba mtima. Mu 2024 magazini ambiri anagwirizana pa Brat ya Charli XCX, koma Pitchfork inasankha Diamond Jubilee ya Cindy Lee, chimbale cha nyimbo 32 chotenga maola awiri, chomwe chinatuluka pa YouTube ndi pa tsamba la intaneti la woimbayo, osati pa Spotify. Sindinganene kuti chimaposa Brat. Koma chisankhocho chinanditumiza kukamvera chinthu chomwe sindikanachipeza ndekha, ndipo mindandanda ina ija inangondiuza zomwe ndinkadziwa kale.

Chaka chino mukaona mindandanda, musataye nthawi pa khumi oyamba, amafanana paliponse. Yambani ku nambala 50 muzikwera, ndipo muone ngati wolembayo wanena chifukwa chake.