Kalata ya Pamanja M'banja la Chikhristu

Kalata ya chikondi yolemba pamanja inakhazikika m'mabanja a chikhristu ku Malawi chifukwa cha sukulu za mishoni ndi maulendo a ku migodi. Mishoni za Livingstonia, Blantyre ndi Nkhoma zinkaphunzitsa anthu kuwerenga ndi kulemba kuti azidziwerengera okha Mawu a Mulungu, ndipo dzanja lomwelo linayamba kulembera mkazi wotsala kumudzi.

Mwamuna wopita ku Joni kudzera ku Wenela ankatha miyezi yambirimbiri osaponda pakhomo. Kalata ndiyo inkagwiriziza banja. Inkayamba ndi moni waulemu, n'kufunsa za ana, za munda ndi za mvula, pansi pake n'kuikapo vesi yoti awerenge. Mawu enieni a kumtima ankabisika m'mikuluwiko, poti mayi wosadziwa kuwerenga ankapita nayo kwa aphunzitsi kapena kwa mkulu wa mpingo. Luso la kalatayo linali pamenepo.

Cholembera sichithamanga ngati lilime. Wolemba amafufuta, n'kuganizanso, motero kupepesa kwa pakalata kumalemera kuposa kwa pakamwa. Uthenga wa pa WhatsApp ukhoza kupita ndi foni ikabedwa, pomwe makalata ena akalewo akadalipo, opindidwa kanayi, mkati mwa Buku Lopatulika la agogo.